Anapempha mtembo wa bambo ake, iwo anafuna mizinga

Mawu oyamba amene ndinawerenga okhudza banja la Compton sanali m'buku. Anali pamwamba pa nyumba. Ku Castle Ashby, m'chigawo cha Northamptonshire, m'mphepete mwa denga la nyumba yaikulu ya banjali muli zilembo zosema pamwala, zitalizitali, zondondozana ngati mpanda. Mawuwo ndi a Chilatini, ndipo pambali pake pali chaka cha 1624. Ndinapita kumeneko tsiku lina lopuma kuti ndikangoona maluwa m'minda yake, koma maso anga anakakamira pa zilembozo mpaka mayi wina wachikulire, amene anandiona nditaima khosi lili m'mwamba, anandiuza kuti ndi chiyambi cha Salimo 127, paja pamati nyumba ikapanda kumangidwa ndi Yehova omanga angovutika chabe.

Salimo limeneli bambo anga ankalikonda, ndiye ndimalidziwa pamtima. Mayi aja asanamalize kufotokoza, maganizo anga anali atathamangira kale kumunsi kwake, kumene ana aamuna amayerekezedwa ndi mivi m'dzanja la munthu wankhondo, ndipo wodala ndi amene wadzaza nayo phodo lake. Tsikulo ndinali ndisanamve kuti mwana wa mwini nyumbayo, amene mu 1624 anali mnyamata wa zaka 23 wongokwatira kumene, anadzabereka ana aamuna 6, ndipo mivi imeneyi anaiponyadi pankhondo, ina iye akuona, ina atagona kale m'manda.

Dzina lake linali Spencer Compton, Earl wachiwiri wa Northampton (Earl ndi udindo wa akuluakulu a ku England umene mwana amalowa m'malo mwa bambo ake). Anabadwa mu 1601. Dzina loti Spencer linali la agogo ake akuchikazi, Sir John Spencer, wamalonda wolemera koopsa wa mu London amene anakhalapo meya wa mzindawo. Mkuluyu sankafuna n'komwe kuti mwana wake mmodzi yekhayo, Elizabeth, akwatiwe ndi William Compton, munthu wa dzina lalikulu koma wa ngongole zosatha. Nthano ya m'banjamo imati mtsikanayo anamuzembetsa kwawo atabisala mu dengu la munthu wogulitsa buledi. Ukwati unachitika ndithu, ndipo Sir John atamwalira mu 1610 chuma chonse chinagwera mkamwini amene ankamukana uja. Anthu olemba makalata a nthawiyo ananena kuti William anasokonezeka mutu kwa kanthawi ataona kuchuluka kwa zimene walandira. Ndalama zimenezo ndi zomwe zinakongoletsa Castle Ashby, ndipo mu 1618 Mfumu James I inam'patsa William udindo wa Earl wa Northampton.

Choncho Spencer anakula ali m'mafuta. Anaphunzira ku Cambridge, anakhala mnzake wapamtima wa Kalonga Charles, amene anadzakhala Mfumu Charles I, ankayang'anira zovala zake, ndipo mu 1623 anali m'gulu la amene anapita ku Spain pa ulendo umene kalongayo anakafunsira mlongo wake wa mfumu ya kumeneko n'kubwerako chimanjamanja. Anakwatira Mary Beaumont, anabereka naye ana aamuna 6 ndi aakazi awiri, ndipo mu 1630 analowa m'malo mwa bambo ake. Edward Hyde, amene anadzakhala Earl wa Clarendon n'kulemba mbiri ya nkhondo yapachiweniweni ya ku England, sanabise kuti pa zaka zamtendere Spencer anali munthu wokonda zosangalatsa, wosadziwika ndi chilichonse chachikulu, ndipo kuti nkhondo itayamba anachita ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo. Ndime imeneyi ndimaikonda chifukwa Clarendon anali wa mbali yomweyo ya mfumu, ndipo akanatha kumupaka utoto mnzakeyo. Sanatero.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku England timaifotokoza mwachidule kuti inali ya Mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo, pa nkhani ya misonkho, ya chipembedzo ndi ya amene ayenera kulamula asilikali. Izi n'zoona. Koma ku Warwickshire nkhondoyo inali ndi nkhope za anthu awiri odziwana bwino. Mbali ina kunali Spencer, mwini wa Compton Wynyates, nyumba yakale ya njerwa zofiira imene Henry VIII ankafikirako. Mbali inayo kunali Robert Greville, Lord Brooke, mwini wa linga la Warwick, Mpyuritani wolimba, wa gulu la Apulotesitanti ofuna kuchotsa miyambo ya Chikatolika mumpingo. Mu 1642 aliyense wa awiriwa anali ndi kalata yomulamula kusonkhanitsa amuna a m'chigawo chomwecho, wina yochokera kwa mfumu, wina yochokera ku Nyumba ya Malamulo. Tangoganizani mlimi wamba amene makalata onse awiri am'peza pakhomo. M'mwezi wa Ogasiti, mfumu isanaimike n'komwe mbendera yake ku Nottingham pa 22, Spencer anali atalanda kale mizinga ku Banbury imene inkapita kwa Brooke, n'kukaigwiritsa ntchito pozinga linga la Warwick. Lingalo silinagwe. Pa 23 Okutobala kunachitika nkhondo yaikulu yoyamba ku Edgehill, mtunda waufupi kuchokera ku Compton Wynyates, ndipo Spencer anali komweko. Patapita masiku ochepa linga la Banbury linagwa m'manja mwa mfumu, ndipo linaperekedwa kwa a Compton kuti azilisunga.

Brooke ndiye anayamba kufa. Pa 2 Malichi 1643, akuzinga asilikali a mfumu amene anadzitsekera pa bwalo la tchalitchi chachikulu cha Lichfield, chipolopolo chochokera pamwamba pa nsanja chinam'peza kumutu. Spencer ananyamuka kuti akapulumutse a ku Lichfield koma anachedwa, iwo atagonja kale. Anakhotera ku Stafford, kumene anaphatikizana ndi Henry Hastings, mtsogoleri wina wa asilikali a mfumu. Analibe masiku ambiri otsala: 17 okha kuchokera pa imfa ya mdani wake uja.

Pa 19 Malichi, tsiku Lamulungu, magulu awiri a Nyumba ya Malamulo, la Sir John Gell wa ku Derbyshire ndi la Sir William Brereton wa ku Cheshire, anapangana kukumana pa chipululu cha Hopton Heath, pafupi ndi Stafford. Spencer anatuluka kukawachingamira, ambiri mwa anthu ake ali okwera pa akavalo. Anali ndi mzinga waukulu umene ankautcha Roaring Meg. Nkhondo inayamba dzuwa litapendeka. Okwera pa akavalo a mfumu anathamangira adani, anabalalitsa akavalo awo, analanda mizinga. Koma malowo anali odzaza ndi mauna a akalulu, pansi posayenera kuthamangitsapo kavalo. Pa kuthamanga kwachiwiri Spencer anagwa pa kavalo wake, ndipo anzake, mmene anali atatengeka ndi kupirikitsa adani, anam'pitirira osadziwa. Anatsala yekha wapansi pakati pa asilikali a Gell. Anamenya nkhondo ali chiimire mpaka wina anam'gwetsera chisoti chake chachitsulo ndi thendere la mfuti yagogodera. Anamuuza kuti agonje, am'siya ndi moyo. Malinga ndi Clarendon, iye anayankha kuti sangalandire chifundo kwa anthu achabechabe ndi oukira ngati iwowo. Anam'tema kumutu ndi nkhwangwa ya mpini wautali ija asilikali apansi ankanyamula. Anali ndi zaka 41.

Yankho limenelo ndalitembenuza kambirimbiri m'mutu mwanga, ndipo sinditha kuliombera m'manja. Amene anawatcha achabechabewo anali amuna a m'midzi ndi m'matauni a England yemweyo, ena mwina osiya makasu ndi ana kunyumba ngati iye. Ndipo munthu amene wasiya mkazi ndi ana 8, wamng'ono asanathe n'komwe msinkhu, akapatsidwa mwayi wokhala ndi moyo, kodi mwayiwo ndi wake yekha woti aukane? Akuluakulu ena a mbali ya mfumu anagwidwa pankhondoyi, anakhala m'ndende, kenako anasinthanitsidwa n'kubwerera kwa mabanja awo. Clarendon analemba kuti Spencer ankakonda kunena kuti akadzapulumuka nkhondozi sadzapezanso imfa yolemekezeka chotero. Munthu wolankhula choncho amakhala atasankha kale. Komabe sindingam'nyoze. Anakhala zaka 40 akudya za mfumu, ndipo tsiku lolipira litafika sanabisale kuseri kwa antchito ake. Anali kutsogolo.

Chimene chinandigwira pakhosi ndi zimene zinachitika kutada. Asilikali a Gell ndi Brereton anachoka usiku, kusiya bwalo la nkhondo m'manja mwa a mfumu, koma anatenga mtembo wa Spencer. Clarendon akuti ana ake aamuna atatu anamenya nawo nkhondo tsiku limenelo. Woyamba kubadwa, James, anavulala mwendo. Anali ndi zaka 20, ndipo pofika madzulo amenewo anali Earl wachitatu wa Northampton. Anatumiza mthenga kukapempha thupi la bambo ake kuti akaliike. Gell ndi Brereton anayankha kuti alipereka pokhapokha atabwezeredwa mizinga, onga ndi akaidi onse amene anataya pankhondoyo. James sakanatha kuvomera. Zinthuzo sizinali zake, zinali za mfumu, ndipo bambo akewo ndi amene anazifera. Anatumizanso uthenga wina, wochepetsa pempho: ngati simubweza, lolani dokotala wathu abwere adzakonze thupilo kuti lisaole. Anakananso. Gell anapita nalo ku Derby, analionetsa m'misewu, ndipo linaikidwa m'tchalitchi cha All Hallows, chimene lero ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo, kutali ndi kwawo. Ndipo Stafford, mzinda umene anafera kuuteteza, unagwa m'manja mwa Brereton patangopita miyezi iwiri.

Nanenso ndinali ndi zaka 20 pamene bambo anatisiya, ndipo ndine woyamba kubadwa. Ndinali kutali, kusukulu. Imfa yawo sinali ya nkhondo, anadwala masiku ochepa basi. Koma ndikukumbuka masiku awiri amene tinadikira kuti thupi lawo litulutsidwe, chifukwa cha pepala limodzi limene wosaina wake sankapezeka. Ndinakhala pa benchi panja pa ofesi ina, anthu akundiuza kuti bwerani mawa, amayi akundifunsa pa foni ngati zatheka, ine ndikusowa choyankha. Masiku awiri okha, ndipo pomaliza tinawatenga, tinawasambitsa, tinawaika. Mpaka lero ndikakumbuka benchi imeneyo m'mimba mumandipota. Ndiye nditawerenga za James, ali gone ku Stafford mwendo uli ndi bala, akulembera kalata amayi ake patapita masiku ochepa kuwauza zimene zachitika, ndinatseka bukulo n'kutuluka panja. Iye sanadikire masiku awiri. Anayenera kusankha yekha kuti bambo ake atsale m'manja mwa adani.

Mary Beaumont anatsala ndi ana 8 ndi nkhondo imene inali itangoyamba kumene. Anakhala zaka zinanso zoposa 10, akuona ana ake akupita mmodzimmodzi kunkhondo kumene bambo awo anathera.

Wachitatu, William, ndi amene anthu ankamutama kwambiri. Asanakwanitse zaka 20 anapatsidwa linga la Banbury. Mu 1644 asilikali a Nyumba ya Malamulo, motsogozedwa ndi John Fiennes, analizinga kwa masabata 13. Anakumba pansi pa makoma, anaombera mizinga, anamuuza kangapo kuti agonje, iye anakana. Chakudya chitatha anayamba kudya akavalo, ndipo mkulu wake James atafika ndi gulu lake kumapeto kwa Okutobala kudzawamasula, anapeza kuti atsala akavalo awiri okha. William anali wopemphera kwambiri moti ngakhale Oliver Cromwell, mtsogoleri wa asilikali a Nyumba ya Malamulo amene anadzalamulira dzikolo, akuti anamutchula kuti mnyamata wodziletsa ndi woopa Mulungu, mawu amene Apyuritani sankawaononga pa anthu a mfumu. Nkhani ya mkulu kupulumutsa mng'ono wake imakoma kumva. Koma pansi pa lingalo panali tauni, ndipo anthu a ku Banbury ambiri anali a mbali ya Nyumba ya Malamulo. Nyumba zawo zinagwetsedwa ndi kutenthedwa kuti adani asabisalemo, chakudya chawo chinkatengedwa, matenda anawagwira. Lingalo linagonja mu Meyi 1646, ndipo mu 1648 eni tauniyo anapempha kuti ligwetsedwe. Linagwetsedwa, miyala yake anamangira nyumba zawo. Pempho limenelo likundiuza mmene kulimba mtima kwa William kunkaonekera kwa anthu okhala kunsi kwa khoma.

Pali usiku umodzi umene ndimauona bwino m'maganizo. Mu Juni 1644 Compton Wynyates inagwa m'manja mwa adani, ndipo anaikamo asilikali awo. Mu Januwale 1645, usiku wozizira, Charles, mwana wachiwiri wa Spencer, ndi William anatuluka ku Banbury ndi gulu lawo kukayesa kuilanda. Analowa mpaka ku makola a akavalo, koma anabwezedwa, anthu awo ena atafa. Anyamata awiri akuombera mfuti nyumba imene anakuliramo, akudziwa zenera lililonse, khomo lililonse limene ankazemberapo ali ana. Nyumbayo lero ikadali ya banja lomwelo ndipo alendo saloledwa kulowa, koma imaoneka kuchokera pa kaphiri kapafupi, ili phee m'chigwa, machumuni ake opotokapotoka ali njo. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Tchalitchi chimene chili pambali pake ndi chomangidwanso mu 1665, chifukwa choyamba chija, mmene munali manda a makolo awo, chinaonongedwa pankhondo yomweyi.

James anapitiriza kumenya nkhondo, ku Newbury, ku Cropredy Bridge, mpaka ku Naseby mu Juni 1645 kumene gulu la mfumu linasweka kotheratu. Kenako anachita chimene bambo ake anakana: anagonja. Anavomera kulipira chindapusa cha mapaundi masauzande ambiri kuti minda ndi nyumba zibwerere ku banja. Ena angati anafooka. Ine ndimamumvetsa kuposa wina aliyense m'nkhaniyi. Woyamba kubadwa amalandira ngongole, madenga odontha, amayi amasiye ndi azing'ono ofuna sukulu. Kufa mokongola ndi mwayi umene iye sanapatsidwe. Zaka za Cromwell anazithera kwawo, nthawi zina m'ndende pokayikiridwa kuti akukonza chiwembu, ndipo ankalemba masewero a zisudzo amene sanawasindikize. Mapepala akewo anadzapezeka ku Castle Ashby m'zaka za m'ma 1970. Ufumu utabwerera mu 1660 anakhala woimira mfumu ku Warwickshire, kenako woyang'anira Tower of London, ndipo anamwalira mu 1681. Mwana wake wamng'ono anamutcha Spencer, ndipo Spencer ameneyu, monga Earl wa Wilmington, anadzakhala nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1742 mpaka 1743.

William sanaleke. Anali mu Colchester pamene mzindawo unazingidwa mu 1648. Mfumu itadulidwa mutu pa 30 Januwale 1649, anadzakhala mmodzi mwa anthu 6 a kagulu kachinsinsi kotchedwa Sealed Knot, kokonza zoika mwana wa mfumuyo, Charles II, pampando, ndipo m'kagulu komweko munali Henry Hastings amene anali ndi bambo ake ku Hopton Heath. Mmodzi mwa anthu 6 amenewo, Richard Willys, ankaulula zinsinsi zawo kwa anthu a Cromwell. William anaona ufumu ukubwerera, anapatsidwa udindo woyang'anira zida zankhondo za dziko, koma anamwalira mwadzidzidzi mu 1663 asanafike zaka 40. Wachinayi, Spencer, anatsatira Charles II kunja n'kufera komweko ufumu usanabwerere. Wachiwiri uja, Charles, anamwalira mu 1661. Wachisanu, Francis, anakhala msilikali moyo wake wonse, ndipo mu 1685 anali ku Sedgemoor akumenyera James II.

Watsala mzime wa ana aamuna, Henry. Anabadwira ku Compton Wynyates mu 1632, ndiye pamene uthenga wa ku Hopton Heath unafika anali mwana wa zaka pafupifupi 10. Sanaone mtembo. Sanaone manda. Bambo amene iye anakula nawo anali a m'nkhani zimene azikulu ake ndi antchito ankasimba: munthu amene anakana kugonja.

Henry anaphunzira ku Oxford, anayendayenda kunja, ndipo ufumu utabwerera analowa usilikali wa pa akavalo kwa kanthawi. Kenako anavula yunifolomu n'kuvala mkanjo. Anakhala bishopu wa Oxford mu 1674, wa London mu 1675. Anapatsidwa udindo wolera m'chikhulupiriro ana aakazi awiri a James, mng'ono wa Charles II, omwe ndi Mary ndi Anne, ndipo anawalera m'Chipulotesitanti ngakhale bambo awo anali Mkatolika. James atakhala mfumu mu 1685 anthu awiriwa sanachedwe kugundana. Mu 1686 mfumu inalamula Henry kuti aimitse wansembe wina, John Sharp, chifukwa cha maulaliki otsutsa Chikatolika. Henry anakana kulanga munthu asanazengedwe mlandu, ndipo anaimitsidwa iyeyo. Anabwerera ku Fulham kukasamala munda wake, umene unatchuka ndi mitengo yochokera ku America imene England inali isanaionepo.

Ndiye pa 30 Juni 1688, patangopita masiku 20 mfumu itabereka mwana wamwamuna amene akanapitiriza mzere wa Chikatolika, anthu 7 anasaina kalata yachinsinsi yoitana William wa ku Orange, mwamuna wa Mary, kuti abwere ku England ndi asilikali. Mwa 7 amenewo bishopu anali mmodzi yekha: Henry Compton. Mwana wa munthu amene anatcha oukira mfumu kuti achabechabe anaitana gulu lankhondo lakunja kuti lidzalimbane ndi mwana wa Charles I.

Kumayambiriro kwa Novembala mfumu inamuitana n'kumufunsa maso ndi maso ngati ali m'gulu la oitana William. Henry anayankha mozungulira, kuti akukhulupirira kuti mabishopu anzake angakane mosavuta monga mmene iye angakanire. Bodza lenileni sananene, koma choonadi anachibisa pansi pa lilime. Apa m'pamene ndimaima nthawi zonse. Bambo ake, mutu uli pamtunda pakati pa adani, sanafewetse liwu limodzi kuti apulumuke. Mwana wawo anapinda mawu mwaluso n'kutuluka m'nyumba ya mfumu ali wamoyo ndi womasuka. William anafika pa gombe la Torbay pa 5 Novembala. Chakumapeto kwa mwezi womwewo Anne anathawa ku Whitehall usiku, ndipo amene anamuperekeza mpaka ku Nottingham anali bishopu wake uja, wa zaka 56, atakwera kavalo, atavala chikhoti chachikopa cha asilikali, lupanga ndi mfuti zili m'chiuno. Ku Nottingham komwe Charles I anaimika mbendera yake zaka 46 m'mbuyomo. Ndipo pa 11 Epulo 1689, Akibishopu wa Canterbury, William Sancroft, atakana kuswa lumbiro lake kwa James, amene anaveka William ndi Mary zisoti zaufumu ku Westminster anali Henry.

Kodi anapereka bambo ake? Poyamba ndinkaganiza choncho. Pano sindikutero. Spencer ankamudziwa Charles I ngati munthu, anayenda naye, anamuveka zovala, ndipo anafera mnzake. Mwana wake James anafera pang'onopang'ono nyumba ndi dzina. Henry analibe mfumu yoti aikonde chotero. Chimene anatola m'nkhani ya bambo ake chinali Mpingo wa England ndi malamulo akale a dziko, zimene anthu a mfumu ankati ndi zomwe akuteteza, kuphatikizapo mtima wosagonja uja. Ataona kuti tsopano woopseza zinthu zimenezo ndi mfumu yeniyeniyo, anatenga lupanga ngati Compton aliyense. Sindikunena kuti Spencer akanavomereza. Ndikukhulupirira kuti akanakwiya koopsa. Sancroft, amene anatsutsana ndi James mpaka kutsekeredwa mu Tower koma n'kukanabe kulumbira kwa mfumu ina, mwina ndi amene anafanana kwambiri ndi munthu wa ku Hopton Heath uja kuposa mwana wake womubereka. Koma bishopu wokalamba ali pa kavalo ndi mfuti m'chiuno, m'matope a Novembala, ndi magazi omwewo ndithu. Make mbuu, mwana mbuu.

Mphoto imene ankayembekezera sanailandire. Mpando wa Canterbury unam'dutsa kawiri m'nthawi ya William, mu 1691 ndi patapita zaka zochepa, ndipo zinamuwawa. Sanakwatire. Ndalama zake zambiri zinapita kwa Apulotesitanti othawa ku France, kwa ansembe osauka ndi ku mitengo yake. Anamwalira ku Fulham pa 7 Julayi 1713, patatha zaka 70 chichitikireni za ku Hopton Heath, ali womaliza koma mmodzi mwa mivi 6 ija, pakuti Francis anatsala zaka zina zitatu. Anaikidwa panja, m'manda a tchalitchi cha All Saints ku Fulham, osati mkati monga akuluakulu ambiri ankachitira.

Ndinapita kukaona manda amenewo mwezi watha, masana a mvula yowaza, mtsinje wa Thames uli chapafupi. Ndili m'basi pobwerera ndinaimbira foni mzime wa kwathu, amene anali ndi zaka 9 pamene bambo anamwalira. Pa zaka zonsezi ndinali ndisanamufunsepo. Ine bambo ndimawakumbuka ndi makalata a ngongole amene ndinapeza m'sutikesi yawo, ndi mkangano umene tinasiya osaumaliza, ndi benchi ija.

Ndinati, "Iwe, kodi bambo umawakumbuka chiyani?"

Anakhala chete mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Achimwene, nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi basi. Koma tsiku lina anandinyamula paphewa powoloka madzi, ine ndikulira, iwo n'kumati gwira tsitsi langa, usaope. Ndi zimenezo. Zinazo ndi zimene munandiuza inuyo."